Pepala la boma likafika pa kantemba, lichita chiyani?

Pa Sondo lapitali ndinali ku Chawama kwa amai ang'ono, amene anandisunga pamene ndinali ku koleji. Ali ndi kantemba kutsogolo kwa nyumba imene amachita lendi, ndipo m'mamawa uliwonse amakwera minibasi kupita ku Soweto kukaoda tomato, anyezi ndi repu. Pa shelufu pali tumapaketi twa pamela, saladi wa m'tumabotolo, sopo wodula pakati, makandulo ndi machesi. Kantemba kameneka ndi kamene kanalipira theka la fizi yanga, choncho ndikamakamba za iko sindikamba ngati mlendo.

Tsikulo ndinafika ndi nzeru za mu ofesi. Mkati mwa sabata ndinali pa msonkhano wina mu tauni, kumene akuluakulu ovala masuti anakamba maola atatu za ubwino wolembetsa mabizinesi ang'onoang'ono. Ndiye titamwa tiyi ndinati, "Amai, nanga bwanji osalembesa bizinesi yanu? Masiku yano sivivuta, ningakuchitileni pa foni."

Anamaliza kaye kupimira kamwana kena shuga wa K5, kenaka anandiyang'ana. "Mwana wanga, iyo pepala izanichitila chani? Baja ba mayunifomu bakabwela kutenga katundu, nikabaonesa pepala bazanisiya? Nikayenda nayo ku banki bazanipasa ndalama? Ngati yankho ni iyayi, nisiye chabe nigulise tomato yanga."

Ndinalibe choyankha. Diploma yanga yonse inathera pamenepo. Sabata yonseyi funso lawo lakhala likundizungulira m'mutu, ndipo ndaona kuti ndilo funso limene tiyenera kufunsa lamulo lililonse limene boma likuti labwera kudzathandiza amalonda. Kodi munthu wa mu komboni akatenga pepala, pepalalo limubwezera chiyani?

Boma silinagone

Tiyambe ndi chilungamo. Maboma onse atatu, la MMD, la PF ndi la UPND, asinthako malamulo kuti kuyamba bizinesi kusakhale kovuta. PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi maina a mabizinesi, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010, ndipo lero munthu atha kulembetsa dzina la bizinesi pa intaneti. Mu 2014 kunabwera Business Regulatory Act, imene cholinga chake n'chakuti wamalonda asamazungulire maofesi khumi pofuna zilolezo, komanso kuti ofesi ya boma isanaike laisensi yatsopano iyambe yaona mmene idzakhudzira amalonda. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Movable Property (Security Interest) Act, yolola munthu kuika katundu wonyamulika monga makina, fuliji, galimoto kapena ziweto kukhala chikole cha loni. Mu 2017 kunabwera Companies Act yatsopano pamodzi ndi Corporate Insolvency Act, imene imapatsa kampani yomira m'nkongole mpata woti ipulumutsidwe m'malo moitseka.

Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anapanga unduna wapadera woona za mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, ndipo nduna yake yoyamba anali a Elias Mubanga. Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu bajeti ya 2022, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Mu April 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA kutapako 20 peresenti ya zimene anasonkha, ndipo ambiri a ife tidziwa munthu amene anagula fuliji, njinga yamoto kapena mabelo a salaula ndi ndalama zimenezo.

Zonsezi ndi zoona. Komabe kafukufuku wa boma wa za nchito amaonetsa chaka ndi chaka kuti anthu oposa 7 pa 10 alionse ogwira nchito m'dziko lino ali mu nchito zosalembetsedwa. Malamulo achuluka, koma amai ang'ono ndi anzawo akali panja. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tichoke pang'ono ku Lusaka tipite kumpoto kwa Africa, kumaiko a Aluya, kumene funso lomweli linafunsidwa mwa njira yowawa kwambiri.

Chimene chinachitika ku Sidi Bouzid

Kwa zaka zambiri World Bank inali kutulutsa lipoti lotchedwa Doing Business, loika maiko pa mndandanda malinga ndi mmene malamulo awo apeputsira bizinesi. Lipoti limene linatuluka mu November 2010 linaika Zambia pakati pa maiko khumi amene anasintha kwambiri chaka chimenecho. Lipoti lomwelo linaika Tunisia pa nambala 55 mwa maiko 183, pamwamba pa maiko ambiri a mu Africa. Pa pepala, Tunisia inali dziko labwino kuchitamo malonda.

Patangopita milungu 6, pa 17 December 2010, mu tauni ya Sidi Bouzid ku Tunisia komweko, ogwira nchito a khonsolo analanda sikelo ndi katundu wa mnyamata wa zaka 26 dzina lake Mohamed Bouazizi. Anali kugulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba pa kangolo kokankha, ndipo ndiye anali kudyetsa banja lake. Anapita ku ofesi ya bwanamkubwa kukadandaula, koma palibe anamumvera. Anadziyatsa moto patsogolo pa ofesiyo, ndipo anamwalira pa 4 January 2011. Masiku khumi pambuyo pake, Pulezidenti Ben Ali, amene analamulira zaka 23, anathawa m'dziko. Chipolowe chinafalikira ku Egypt, dziko limene lipoti la Doing Business la 2008 linatamanda kuti ndilo linapambana onse pa kusintha malamulo a bizinesi. Pa 11 February 2011 Hosni Mubarak anatula pansi udindo.

Sindikuti maboma aja anagwa chifukwa cha sikelo imodzi. Panali ulova, kukwera kwa mitengo, ziphuphu ndi ulamuliro wankhanza. Koma taonani chinthu ichi: malipoti aja anali kupima kampani yolembetsedwa ya mu mzinda waukulu, yokhala ndi loya ndi akauntanti. Munthu wa kangolo sanali kuoneka m'menemo. Bouazizi anali wamalonda weniweni, wogula m'mawa ndi kugulitsa masana, nthawi zina ndi katundu wa nkongole, chimodzimodzi amai ang'ono. Malamulo onse otamandidwa aja sanamufikeko.

Pamene izi zinali kuchitika ndinali mwana wa sukulu. Lero ndapitirira msinkhu umene iye anafera, ndipo ndikamadutsa pa Lumumba Road ndi kuona anyamata akuthawa ndi mawilibala, nkhani yake siioneka ngati ya kutali.

Njira zitatu zimene anayesa

Kuchokera nthawi imeneyo maiko a Aluya akhala akusintha malamulo, aliyense ndi njira yake. Maiko olemera ndi mafuta analunjika kwa a ndalama zambiri: Saudi Arabia inapanga lamulo la makampani ogwa m'nkongole mu 2018, ndipo United Arab Emirates kuyambira 2021 inalola alendo kukhala eni ake a kampani yonse m'mabizinesi ambiri popanda mnzawo wa m'dzikomo. Zimenezo ndi za anthu a ndege ndi mahotela. Za ife zili ku Tunisia, Morocco ndi Egypt.

Tunisia mu April 2018 inavomereza Startup Act, lamulo limene latchuka mu Africa monse, ndipo Senegal ndi Nigeria anadzapanga awo pambuyo pake. Lamuloli lili ndi zinthu zokoma. Munthu wolembedwa nchito atha kutenga tchuthi cha chaka chimodzi, chotheka kuonjezera chaka china, kuti akayese bizinesi, ndipo ikakanika abwerera pa nchito yake. Oyambitsa kampani, mpaka atatu, amalandira ndalama yodyera kwa chaka. Kampaniyo siilipira msonkho wa phindu pa zaka zimene ili ndi chizindikiro cha boma. Koma kuti upeze chizindikirocho, bizinesi yako iyenera kukhala ya nzeru zatsopano, makamaka za tekinoloje, ndipo komiti ndiyo imavomereza. Kunena mwachidule, ndi lamulo la mwana wa ku yunivesite wokhala ndi laputopu. Wogulitsa zipatso wa ku Sidi Bouzid sakanalowamo. Lamulo la munthu wochita malonda payekha linabwera mu 2020, zaka pafupifupi khumi Bouazizi atamwalira.

Morocco inayambira pansi. Lamulo nambala 114-13 la 2015 linapanga chimene amachitcha auto-entrepreneur, kutanthauza munthu wodzilemba nchito yekha. Umalembetsa kudzera ku positi ofesi, umalandira kadi, ndipo adiresi ya nyumba imene ukhala ndi yokwanira, safunsa shopu. Kuyambira 2019 msonkho wake ndi 0.5 peresenti ya zimene wagulitsa ngati uli wamalonda kapena wa nchito zamanja, ndi 1 peresenti ngati ugulitsa ukatswiri wako monga kukonza zinthu. Ukapanda kugulitsa, msonkho umenewu sulipira. Ndi kadi imeneyo utha kulemba invoisi ndi kugulitsa ku kampani yaikulu.

Komabe ngakhale kumeneko, pa 28 October 2016, chaka chimodzi lamulolo litayamba, wogulitsa nsomba Mouhcine Fikri wa ku Al Hoceima anaphwanyidwa mu galimoto ya zinyalala poyesa kupulumutsa nsomba zake zimene akuluakulu analanda ndi kutaya, ati zinagwidwa pa nyengo yoletsedwa. Anthu anadzaza misewu kwa miyezi. Kadi yabwino inalipo, koma mmene munthu wa yunifomu amagwirira katundu wa wosauka sizinasinthe.

Egypt ndi lamulo nambala 152 la 2020 inayesa njira yachitatu. Bizinesi yosalembetsedwa itha kupatsidwa laisensi yoyembekezera, mpaka zaka 5, kuti ipitirize kugwira nchito pamene ikukonza mapepala ake. Ndipo bizinesi yogulitsa zosakwana mapaundi a ku Egypt 250,000 pa chaka inali kulipira msonkho umodzi wodziwika, mapaundi 1,000, popanda kusunga mabuku a akauntanti. Ganizo lake ndi losavuta: usathamangitse munthu, muitane alowe, um'patse nthawi.

Pa njira zitatuzi ine ndaphunzirapo chinthu chimodzi. Lamulo limafika pa kantemba pokhapokha likayankha mafunso aja a amai ang'ono: katundu wanga atetezeka kodi, ndipo ndalama ndizipeza kodi? Manje tibwerere kwathu tione mmene tikuyankhira.

Malo

Vuto loyamba la wamalonda wa ku Kanyama, George kapena Mtendere si dzina la kampani. Ndi malo oimapo. Ndipo pa nkhani ya malo, lamulo lathu limasintha ngati nyengo. Kumapeto kwa 2011 Pulezidenti Michael Sata analola ogulitsa m'misewu kuti asathamangitsidwe. Mu January 2018, kolera itavuta, asilikali anawachotsa, misika inatsekedwa, ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku, ndipo pa 12 January anthu a kumeneko anachita chipolowe pofuna kubwerera ku malonda awo. Chaka chomwecho kunatuluka Statutory Instrument nambala 12 yokhwimitsa zilango za kugulitsa m'misewu. Pang'onopang'ono anthu anabwerera. Mu July 2023, a Gary Nkombo ali nduna ya maboma aang'ono, anachotsedwanso pakati pa tauni.

Pano ndisaname, boma lili ndi mfundo. Kolera si nthano. Ya 2023 mpaka 2024 inapha anthu oposa 700, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegula mpaka February. Ambiri amene anafa anali a m'makomboni mwathu momwemu. Munthu wogulitsa vitumbuwa pambali pa ngalande yodzaza, popanda chimbudzi kapena madzi osamba m'manja, amaika ana athu pa ngozi. Wa shopu amene amalipira lendi ndi msonkho nayenso ali ndi dandaulo akaona wina akugulitsa katundu yemweyo pakhomo pake.

Koma funso ndi lakuti, munthu amene wachotsedwa apite kuti? City Market inapsa pa 4 July 2017 ndipo amalonda ambiri anataya zonse usiku umodzi. Misika imene ilipo ina ndi yodzaza, ina ili kumene makasitomala safika. Markets and Bus Stations Act ya 2007 imaika misika m'manja mwa makhonsolo ndi mabodi, koma kwa zaka zambiri tonse tinaona makada a chipani cholamula akugawa masitandi ndi kutolera ndalama zopanda lisiti. A Hichilema atangolowa mu 2021 analamula kuti makada achoke m'misika ndi m'masiteshoni, ndipo ambiri tinapumako. Koma chimene chabwera ndi mawu a mtsogoleri chitha kupitanso ndi mawu a mtsogoleri wina. Wamalonda amene sadziwa ngati mwezi wa mawa adzakhala pa malo omwewo sangagule fuliji, sangamange shelufu, sangalembe wothandiza. Amaoda za tsiku limodzi chabe, zimene angathe kunyamula pothawa.

Ngakhale kunyumba nkhani ndi yomweyo. Makomboni ambiri anavomerezedwa ndi lamulo la 1974, limene linabweretsa laisensi yokhalira pa malo ya zaka 30, ndipo lero nkhanizi zili pansi pa Urban and Regional Planning Act ya 2015. Koma laisensi imeneyo ndi ya mwini nyumba. Amai ang'ono, monga anthu ambiri a ku Chawama, ndi a lendi. Landilodi akasintha maganizo, kantemba kapita.

Amene anamvera malangizo

Mwina wina anene kuti amai ang'ono ndi a kale, saziwa ubwino wa mapepala. Ndiye ndikuuzeni za mkulu wanga, mwana wa atate aakulu, amene amawotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Aliyense wodutsa pa Alick Nkhata Road amaona mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi ndi mbaula zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Zina mwa izo ndi za manja ake. Iye anachita zonse zimene a masuti amalangiza. Analembetsa dzina la bizinesi, anatenga TPIN, anatsegula akaunti ku banki, chifukwa sukulu ina inafuna mageti ndipo inati popanda mapepala singamupatse oda.

Kulembetsa dzina, akuti, kunali kosavuta. Zovuta zinayamba pambuyo pake. Panali levi ya bizinesi, satifiketi ya za moto, ndi mapepala ena a chaka ndi chaka, lililonse ndi mzere wake, ndipo tsiku limene uli pa mzere ndi tsiku limene makina ali chete. Oda ija anaipeza, koma anafunika kugula zitsulo ndi ndalama zake, malipiro pambuyo. Anapita ku banki ina ndi mapepala onse, nati makina ake awiri akhale chikole monga lamulo la 2016 linenera. Anamumvetsera mwaulemu, kenaka anamufunsa ngati ali ndi taitolo ya nyumba kapena peyisilipi. Anathera kwa munthu wa kaloba: K2,000 lero, K3,000 pakutha kwa mwezi. Sukuluyo inalipira patapita miyezi inayi. Phindu lonse linadyedwa ndi kaloba.

Kenaka kunabwera chilala cha 2024. Madzi anatsika ku Kariba, boma linalengeza za tsoka la dziko pa 29 February, ndipo pofika September madera ambiri anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku. Mkulu wanga anali kugona pa benchi pafupi ndi makina, kuti malaiti akabwera pakati pa usiku adzuke awotcherere. Wometa tsitsi wa ku Matero, wa saluni wa ku Mtendere, wogulitsa nkhuku za mu fuliji ku George, onse anali m'bwato limodzi ndi iye.

Nditamufunsa ngati amadandaula kuti analembetsa, anaseka. "Mfana wanga, pepala niliko nayo, ili mu fulemu pa chipupa. Boma manje iniziba bwino pa nkhani ya tax. Koma pa nkhani ya loni, palibe wamene aniziba."

Chodabwitsa n'chakuti lipoti lomaliza la Doing Business, la 2020, linaika Zambia pa nambala 4 pa dziko lonse lapansi pa nkhani ya kupeza loni. Nambala 4, abale. Anali kupima ubwino wa malamulo ndi kaundula wa zikole, osati kuchuluka kwa anthu amene atulukadi mu banki ndi ndalama. Ndi matenda omwe aja a ku Tunisia. Lamulo limalola banki kulandira makina ngati chikole, koma silingaikakamize. Ndipo pamene Bank of Zambia inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 14.5 peresenti mu February 2025 pofuna kuletsa kukwera kwa mitengo, loni ya mu banki inakhala yodula kwambiri ngakhale kwa amene ali ndi taitolo. N'chifukwa chake banki yeniyeni ya mu komboni ikali chilimba, village banking ndi kaloba.

Masamu a CDF

Nanga CDF? Iyi ndi ndalama yeniyeni ndipo yamanga makalasi, yagula madesiki, yalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Koma tiyeni tiwerenge. Konstityuwensi iliyonse imalandira ndalama yofanana, kaya ili ndi anthu ochepa kapena ambiri. Kalembera wa 2022 anapeza kuti konstityuwensi ya Kanyama inali ndi anthu oposa 500,000, kuposa ina iliyonse m'dziko lino. Mukagawa K36.1 miliyoni ya mu 2025 kwa anthu amenewo, aliyense apeza pafupifupi K70 pa chaka. Malinga ndi malangizo a 2022, gawo la magranti ndi maloni a amai ndi achinyamata ndi pafupifupi limodzi mwa magawo asanu. Ndiye kuti pa munthu mmodzi wa ku Kanyama sipafika ngakhale K15. Kumene amalonda ang'onoang'ono achulukitsitsa ndi kumene ndalama yachepetsetsa.

Chinanso, njira yofikira ndalamayi imadutsa kwambiri m'magulu: kopaletivu, kilabu kapena kampani yolembetsedwa. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, ndipo magulu ena akuchita bwino. Koma tonse taona makopaletivu obadwa sabata imodzi mafomu asanatsekedwe, a anthu osadziwana, amene amagawana ndalama ndi kubalalika. Malipoti a Auditor General akhala akudandaula za maloni a CDF osabwezedwa. Pamene zili choncho, mai amene wagulitsa tomato zaka 15 osaphonya chilimba ngakhale kamodzi alibe pomuonera, chifukwa mbiri yake ili m'kabuku ka gulu lake, osati mu kompyuta ya boma. CEEC inayesako ndi Marketeer Booster Loan, ndipo ganizolo ndi loyenera, koma limayang'ana amene ali mu msika. Wa kantemba ka pakhomo ndi wa wilibala amatsala.

Pa msonkho napo pali zofunika kuona. Kuyambira January 2025 msonkho wa pa zogulitsa, umene ZRA imautcha turnover tax, unakwera kuchoka pa 4 kufika pa 5 peresenti, ndipo malire ake anakwera kuchoka pa K800,000 kufika pa K5 miliyoni pa chaka. Kwa bizinesi yokulirapo zimenezi zinachepetsa mapepala. Koma msonkhowu umawerengedwa pa zonse zimene wagulitsa, osati pa phindu. Wogulitsa saladi ndi shuga amene amapeza K10 pa K100 iliyonse, akalipira K5 ndiye kuti theka la phindu lapita. Yerekezani ndi 0.5 peresenti ya ku Morocco. Onjezanipo levi ya pa mobile money imene inayamba mu January 2024, imene imagwira aliyense wotumiza ndalama pa foni, wolembetsa ndi wosalembetsa yemwe. Wa kantemba sakuthawa msonkho ayi. Amalipira kale pa foni, pa tikiti ya mu msika, ndi pa katundu aliyense amene amaoda.

Chimene ndingapemphe

Anzanga ena a tekinoloje amafuna kuti nafenso tikhale ndi lamulo longa Startup Act ya ku Tunisia. Sinditsutsa, achinyamata a mapulogalamu a pa foni nawonso ndi athu ndipo akufunika thandizo. Koma tisabwereze dongosolo la ku Tunisia loyamba ndi ochepa a laputopu ndi kukumbukira ambiri a wilibala patapita zaka khumi.

Ndikanakhala ndi mphindi zisanu ndi a nduna, ndikanapempha kadi imodzi ya wamalonda wodziimira payekha, yotengedwa ndi NRC pa foni kapena pa kabuuthu ka mobile money, yovomereza adiresi ya mu komboni ngakhale ya lendi. Malipiro akhale amodzi, ochepa, odziwika, ndipo boma ndi khonsolo azigawana okha kumbuyo, osati munthu kuzungulira mizere. Kwa amene ntchito yake ifunika kuyenderedwa, monga wophika zakudya, pakhale laisensi yoyembekezera ngati ya ku Egypt, yomupatsa nthawi yokonza pamene akugwira nchito.

Koma kadiyo ikhale ndi mano. Ikhale ndi malo olembedwa amene mwini wake aloledwa kugulitsirapo, okhala ndi madzi, chimbudzi ndi potaya zinyalala, kuti nkhani ya kolera ndi nkhani ya malonda zileke kumenyana. Lamulo linene poyera kuti palibe katundu wolandidwa popanda lisiti lolembedwa dzina la wolanda, ndipo pakhale ofesi yodziwika kumene munthu angadandaule ndi kuyankhidwa m'masiku owerengeka. Bouazizi sanapite kwa bwanamkubwa kukapempha loni. Anapita kukafuna sikelo yake ndi munthu womumvera. Zimene munthu wasonkha pa kadiyo, pamodzi ndi mbiri yake ya village banking ndi mobile money, zikhale umboni umene CEEC ndi makomiti a CDF angaulandire popereka loni kwa munthu mmodzi. Gawo la CDF la amalonda ligawidwe moona kuchuluka kwa anthu. Ndipo sukulu, chipatala kapena ofesi iliyonse ya boma imene yatenga katundu kwa wamalonda wamng'ono ilipire m'masiku 30, ikachedwa ilipire ndi chiwongoladzanja.

Palibe chimodzi mwa izi chimene chifuna ndalama za ku IMF. Zambiri zifuna chabe kuti wolemba lamulo akakhale tsiku limodzi pa kantemba asanayambe kulemba.

Ndisananyamuke ku Chawama, ndinawauza amai ang'ono za kadi ya ku Morocco ndi laisensi ya ku Egypt. Anamvetsera akupanga tumilu twa tomato, tunayi tunayi. "Iyo ngati ingabwele, nizakhala woyamba pa laini," anatero. "Koma ukabauze ba boma bako kuti ise sitikana pepala. Tikana pepala yamene ibwela chabe kutenga." Kenaka anandiikira tomato mu pulasitiki, naonjezapo ziwiri za mbasela, ndipo ndalama yanga anaikana.